Sukulu ya IQMR ku Syracuse: Kodi Imamuthandiza Motani Wophunzira wa PhD ya Zandale?

Mwezi wa Juni ukafika, yunivesite ya Syracuse, yomwe ili m'chigawo cha New York ku America, imalandira ophunzira a digiri ya PhD oposa 100, ambiri mwa iwo a maphunziro a zandale, kuti kwa masabata awiri aphunzire kakonzedwe ka kafukufuku ndi njira zosonkhanitsira ndi kusanthulira umboni. Maphunzirowa dzina lake ndi Institute for Qualitative and Multi-Method Research, koma anthu amangowatchula mwachidule kuti IQMR, ndipo amachitikira ku Maxwell School, nthambi ya yunivesiteyi yoona za unzika ndi kayendetsedwe ka boma. Ndemanga ino ndailemba poganizira wophunzira kapena mphunzitsi wachinyamata wa ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Lusaka amene anamvapo za sukuluyi ndipo akufuna kudziwa ngati ili yoyenera kuitayira nthawi ndi ndalama. Maganizo anga ndi akuti ndi yoyenera ndithu, koma phindu lake lalikulu silili pa kuchuluka kwa njira zomwe imaphunzitsa. Lili pa chizolowezi chimodzi chimene imadzala mwa wophunzira, choti asanapite kukafufuza adzifunse kuti ndi umboni uti umene ungasonyeze kuti ganizo lake ndi lolakwa.

Kuti munthu amvetse zomwe zimaphunzitsidwa kumeneku, ayenera kudziwa mkangano umene unabala sukuluyi. M'chaka cha 1994 akatswiri atatu a ku Harvard, Gary King, Robert Keohane ndi Sidney Verba, anatulutsa buku lonena kuti kafukufuku yense wasayansi ali ndi maziko amodzi, ndipo wofufuza amene amagwira ntchito ndi mayiko awiri kapena atatu, zikalata zakale ndi macheza, ayenera kutsata malamulo omwewo amene anthu a ziwerengero amatsata, makamaka lamulo lochulukitsa zinthu zoyerekeza. Bukuli linalowa m'makalasi ambiri a PhD, ndipo akatswiri amene ankazama pa dziko limodzi anaona kuti ntchito yawo ikuyesedwa yoperewera. Mu 2004 Henry Brady ndi David Collier a ku Berkeley anasonkhanitsa mayankho a anzawo m'buku lina, momwe anaonetsa kuti nthawi zina kachidutswa kamodzi ka umboni, ngati kali pamalo oyenera, kamatha kugwetsa kapena kulimbitsa ganizo kuposa mizere 1,000 ya ziwerengero. Sukuluyi inayamba mkanganowu uli mkati, mu 2002, ku Arizona State University, kumene inkachitika m'mwezi wa Januwale, ndipo inasamukira ku Syracuse mu 2009, ikutsogoleredwa ndi Colin Elman. Anthu a ziwerengero anali nako kale kophunzirira kwawo, monga maphunziro a ICPSR ku Ann Arbor amene anayamba mu 1963 ndi a ku yunivesite ya Essex ku England, pomwe ofufuza mozama analibe malo otere.

Dongosolo la masabata awiriwa ndi losavuta kulifotokoza. Poyamba ophunzira onse amakhala pamodzi kumvetsera maphunziro a maziko, kenaka makalasi amagawika, ndipo pa nthawi imodzi pamachitika angapo oti munthu asankhepo limodzi. Alipo a kayerekezedwe ka mayiko ochepa, a process tracing ndi a natural experiment (njira ziwiri zimene ndizifotokoza patsogolo), a njira ya QCA imene Charles Ragin anayambitsa mu 1987, yofufuza zinthu zimene zikaphatikizana zimabweretsa zotsatira zina zake, a kafukufuku wa m'zikalata zakale, a kufunsa mafunso ndi kukhala pakati pa anthu, a kusanthula zolembedwa pa kompyuta, ndiponso a kuphatikiza njira zamtunduwu ndi ziwerengero. Aphunzitsi ake ambiri ndi eni ake a zolemba zomwe ophunzira amawerenga, pakuti anthu monga Andrew Bennett ndi Diana Kapiszewski a ku Georgetown, James Mahoney wa ku Northwestern, Thad Dunning wa ku Berkeley ndi Lisa Wedeen wa ku Chicago aphunzitsapo kumeneku.

Komabe gawo limene ndimaliona kuti ndi mtima wa sukuluyi si makalasiwo ayi, koma timagulu tokambirana kakonzedwe ka kafukufuku wa munthu aliyense payekha. Wophunzira amatumiziratu chikalata chachifupi chofotokoza funso lake, ganizo limene akuliyesa, malo amene wasankha ndi umboni umene akufuna kukatola, ndipo tsiku lake likafika amakhala pansi ndi anzake ochepa pamodzi ndi mphunzitsi, onse atawerenga kale chikalatacho. Chimene chimaonekera msanga pa zokambirana zotere ndi chakuti ambiri amabwera ndi mutu wa nkhani m'malo mwa funso. Tiyerekeze wophunzira amene walemba kuti akufuna kufufuza za thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, limene linayamba m'Malawi mu 2006. Umenewo ndi mutu chabe. Anzake adzamufunsa kuti chenicheni chimene akufuna kudziwa n'chiyani, ndipo mwina adzayankha kuti akufuna kudziwa ngati phungu amene wagwiritsa bwino ntchito ndalamazi amapambananso pa chisankho chotsatira. Apo m'pamene ntchito imayambira, chifukwa wina adzanena kuti phungu waluso pa ndale angathe kumanga milatho yambiri komanso kupambana chisankho popanda chimodzi kuyambitsa chinzake, wina adzafunsa ngati kukhala m'chipani cholamula si ndiko kukufotokoza zonse ziwiri, ndipo winanso adzafuna kudziwa kuti kugwiritsa bwino ntchito ndalamako adzakuyeza bwanji, ndi malipoti a khonsolo kodi kapena ndi zonena za anthu a m'mudzi. Wophunzira amene walandira mafunso awa asanagule tikiti ya basi yopita ku madera ake wapulumutsa chaka chathunthu cha ntchito.

Phindu la timagulu timeneti ndi lalikulu makamaka kwa ife, chifukwa m'mayunivesite athu ambiri mphunzitsi mmodzi amayang'anira ophunzira ochuluka uku akuphunzitsa makalasi odzaza, ndipo chikalata cha kafukufuku chikafika pa msonkhano wochivomereza, nthawi yambiri imathera pa kalembedwe, kayalidwe ka mitu ndi mndandanda wa mabuku. Ulemu umene timapatsana, womwe ndi chinthu chabwino, umachititsanso kuti wamng'ono aziwopa kuuza wamkulu kuti ganizo lake silikugwira. Ku Syracuse wofunsa ndi mnzako wa msinkhu umodzi, wochokera ku yunivesite ina, amene alibe chokukondera kapena chokuwopera, ndipo mawa lake iyenso adzakhala pampando womwewo.

Vuto lina limene limabuka kawirikawiri pa zokambiranazi ndi la kasankhidwe ka malo ofufuza. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Barbara Geddes, amene mu 1990 anaunika ganizo lomwe linali lofala pa nthawiyo, lakuti mayiko monga South Korea, Taiwan ndi Singapore anatukuka msanga chifukwa maboma awo ankapondereza mabungwe a anthu apantchito. Amene ankanena izi ankayang'ana mayiko otukuka msanga okhaokha, ndipo ankapezamo kuponderezako. Geddes atawonjezera mayiko ena ambiri, anapeza kuti alipo ochuluka amene ankapondereza antchito chimodzimodzi koma chuma chawo sichinakule, ndipo ubale umene unkaoneka uja unazimirira. Zili ngati mlangizi amene akufuna kudziwa chimene chimabereketsa chimanga, n'kumayendera minda yokhayo imene yakolola bwino: chilichonse chimene angachipeze m'minda yonseyo adzachiyesa choyambitsa, pomwe mwina chikupezekanso m'minda imene yakanika. Sukuluyi sinena kuti kuzama pa dziko limodzi n'kolakwika, ndipotu inabadwira kuteteza kuzama kotero, koma imaumirira kuti wofufuza anene momveka chifukwa chimene wasankhira malo akewo ndi mafunso amene malowo sangathe kuyankha.

Kwa amene wasankha kuzama pa chochitika chimodzi, njira imene imaphunzitsidwa bwino kwambiri kumeneku ndi process tracing, yomwe ndi kutsata ndondomeko ya zochitika sitepe ndi sitepe, n'kumayeza chidutswa chilichonse cha umboni kuti chikulemera motani pa maganizo amene akupikisana. Stephen Van Evera mu 1997 anagawa mayeso a umboni m'mitundu inayi, ndipo iwiri mwa iyo ndi yofunika kuimvetsa. Pali umboni umene ganizo liyenera kukhala nawo kuti likhalebe moyo, ngakhale kuti kupezeka kwake sikutsimikiza kanthu, ndipo pali wina umene ukapezeka umatsimikiza ganizolo mwamphamvu, ngakhale kuti kusowa kwake sikuligwetsa. Wophunzira wa kuno angathe kuona ntchito ya njirayi pa chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, pamene oweruza asanu a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, chigamulo chimene khothi la Supreme linagwirizana nacho pa 8 Meyi 2020. Wina anganene kuti chinachititsa ndi zionetsero zimene zinatenga miyezi yambiri, wina kuti ndi kulemera kwa umboni wa mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex, winanso kuti ndi mbiri ya makhothi athu yoima paokha, ndipo wina angaloze ku Kenya kumene khothi linathetsa chisankho cha pulezidenti pa 1 Seputembala 2017. Wofufuza wosaphunzitsidwa amangosonkhanitsa zonse zogwirizana ndi ganizo limene akulikonda. Wophunzitsidwa amafunsa kuti, ngati zionetsero ndizo zinali choyambitsa, kodi tiyenera kuona chiyani pa milandu ina yandale imene oweruza anagamula kunja kuli bata, ndipo ngati umboni wa m'mapepala ndiwo unali choyambitsa, kodi mfundo za m'chigamulo zikutsamira pati. Zaka zaposachedwapa Tasha Fairfield wawonjezera pa njirayi kaganizidwe ka masamu a Bayes, koti pa umboni uliwonse munthu azifunsa kuti ukanaoneka mosavuta motani pansi pa ganizo ili poyerekeza ndi linalo. Ena amaona kuti kuika manambala pa zinthu zotere n'kunamizira kulondola kumene kulibe, koma ine ndimaona kuti funsolo palokha, ngakhale popanda manambala, limaongola kaganizidwe.

Phunziro limene liyenera kumukhudza kwambiri Mmalawi kapena Mzambia ndi la natural experiment, ndipo pano ndikhalapo pang'ono. Mfundo yake ndi yakuti nthawi zina mbiri kapena malamulo amagawa anthu ofanana m'magulu awiri mwangozi, gulu lina n'kukumana ndi chinthu chimene linalo silinakumane nacho, kotero kuti kusiyana kwa zotsatira kungathe kunenedwa kuti kwachokera pa chinthucho. Chitsanzo chakale ndi cha dokotala John Snow pa mliri wa kolera wa ku London mu 1854. M'misewu imodzimodzi, nyumba zina zinkalandira madzi kuchokera ku kampani ya Lambeth, imene inali itasamutsira potunga pake kumtunda kwa mtsinje wa Thames, pomwe zina zinkalandira kuchokera ku kampani ya Southwark and Vauxhall, imene inkatungabe madzi oipitsidwa ndi zonyansa za mumzinda. Pa nyumba 10,000 zilizonse, Snow anapeza imfa 315 kwa omwa madzi a Southwark and Vauxhall ndi imfa 37 kwa omwa a Lambeth. Mphamvu ya umboniwu inagona pa kuti anthu a m'nyumbazo sankasiyana pa chuma kapena pa ntchito, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe kampani imene inkawapatsa madzi.

Pakati pa zitsanzo za masiku ano zimene Thad Dunning amaziunika m'zolemba zake pa njirayi pali kafukufuku wa Daniel Posner, amene anasindikizidwa mu 2004 m'magazini ya American Political Science Review, wofunsa chifukwa chimene Achewa ndi Atumbuka amagwirizana ku Zambia koma amapikisana m'Malawi. Mu 2001 Posner anafunsa anthu 180 m'midzi inayi ya m'malire, wa Achewa ndi wa Atumbuka mbali iliyonse, ndipo mwa mafunso ake munali lakuti kodi angavotere munthu wa mtundu winawo kukhala pulezidenti, ndi lakuti kodi angakwatirane naye. Anapeza kuti a mbali ya Malawi ankakana kwambiri kuposa a mbali ya Zambia, pomwe kusiyana kwa miyambo kumene anthuwo ankakutchula, monga kwa malowolo ndi gule, kunali kofanana mbali zonse ziwiri. Kufotokoza kwake kunali kwa kukula kwa magulu: malinga ndi ziwerengero zimene anagwiritsa ntchito, m'Malawi Achewa anali 28 peresenti ndipo Atumbuka 12 peresenti, magulu aakulu oti andale n'kumangapo chipani, pomwe ku Zambia anali 7 ndi 4 peresenti, ochepa kwambiri, kotero kuti andale amawasonkhanitsa pamodzi monga anthu a kum'mawa. Malire a mayiko awiriwa anawatenga ngati mzere umene atsamunda anaulemba osaganizira za anthu okhala pamenepo.

Kakonzedwe aka ndi kokongola, ndipo n'koyenera kuti kaziphunzitsidwa, chifukwa kamaonetsa kuti funso lalikulu lingathe kuyankhidwa ndi midzi inayi ngati yasankhidwa mwanzeru. Koma funso limene Dunning amaphunzitsa kufunsa pa kafukufuku aliyense wamtunduwu ndi lakuti kodi magulu awiriwo anasiyana pa chinthu chimodzi chokhacho, kapena pa zambiri. Apa m'pamene munthu wokulira kuno ali ndi zoti anene zimene anzake a m'kalasi sangazidziwe. Mzere wa malire sunangosintha kukula kwa magulu. Mbali ya Malawi, msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 unakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Mishoni ya Livingstonia kumpoto ndi ya Nkhoma pakati zinasiya masinodi awiri a mpingo umodzi amene akhala akukangana pa za malire awo. Ndipo pa chisankho cha 1994 Chakufwa Chihana, Kamuzu Banda ndi Bakili Muluzi aliyense anapeza mavoti ake ochuluka m'chigawo chake. Mbali ya Zambia, boma la Kenneth Kaunda linkalalikira za dziko limodzi ndi mtundu umodzi, ndipo Chinyanja ndicho chiyankhulo chimene chinasankhidwa pa maphunziro m'chigawo cha kum'mawa, kuphatikizapo madera a Atumbuka a ku Lundazi. Posner sanabise zina mwa mfundozi, anaziunika ndithu, ndipo angathe kuyankha kuti zochita za andalezo zinachokera pa kukula kwa magulu komweko. Komabe midzi inayi yokha singathe kulekanitsa maganizo awiriwa, ndipo kuti munthu awalekanitse ayenera kubwerera ku process tracing, kukawerenga zikalata za nthawiyo ndi kufunsa amene analipo.

Chimene ndikufuna kuti wowerenga atolepo apa ndi chakuti sukuluyi imapereka zida zounikira kafukufuku, koma siyingapereke chidziwitso cha malo, ndipo zidazo zimagwira bwino ntchito m'manja mwa munthu amene ali nacho kale. Ophunzira athu ambiri amafika pa maphunziro akunja akudziyesa operewera chifukwa sanazame pa masamu, osazindikira kuti zimene akudziwa za 1968 ndi 1989 ndizo zimene mayeso a natural experiment amafuna.

Makalasi a kafukufuku wa pakati pa anthu nawonso ndi othandiza, ngakhale kuti amasiyana mphamvu malinga ndi kumene wophunzira akuchokera. Gawo lina la zimene amaphunzitsa, monga kupeza womasulira ndi kuzolowera dziko lachilendo, linakonzedwera munthu wa ku America amene akupita kutali, ndipo Mmalawi wofufuza kwawo alibe nalo ntchito kwenikweni. Vuto lake iye ndi lina, lakuti wofunsidwa amamudziwa kapena amamuganizira kumene akuchokera ndi chipani chimene angakhale akuchikonda. Vutoli ndi lenileni: bungwe la Afrobarometer, lofunsa maganizo a anthu m'mayiko a mu Africa, limene linayamba mu 1999 ndipo m'Malawi limagwira ntchito ndi Centre for Social Research ya ku Zomba, limafunsa kumapeto kwa macheza kuti wofunsidwa akuganiza kuti watuma ofufuzawo ndani, ndipo ambiri amayankha kuti ndi boma. Kafukufuku wa mu 2016 wa Claire Adida, Karen Ferree, Daniel Posner ndi Amanda Robinson anaonetsanso kuti anthu amayankha mosiyana wofunsa akakhala wa mtundu wina. Pa zikalata zakale, phunziro lofunika ndi lakuti chikalata chilichonse chinalembedwa ndi munthu wokhala ndi cholinga, ndipo zimene zinasungidwa si zonse zimene zinalembedwa. Amene anawerengapo malipoti a ma DC achitsamunda ku National Archives ku Zomba amalimvetsa msanga phunziroli, makamaka akakumbukira kuti boma la Britain linabisa mafayilo ambiri a m'mayiko amene linkawalamula, kuphatikizapo a Nyasaland, ndipo linayamba kuwatulutsa mu 2012, mlandu wa omenyera ufulu a Mau Mau a ku Kenya utaulula kuti alipo.

Nkhani ya kuika umboni poyera ili ndi malo aakulu ku Syracuse, chifukwa yunivesiteyi ndiyo imasunga Qualitative Data Repository, nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo macheza ndi zikalata zimene ofufuza anagwiritsa ntchito. Cholinga chake n'chabwino, ndipo kufunika kwake kunaoneka mu 2015 pamene magazini ya Science inachotsa kafukufuku wa wophunzira wa PhD Michael LaCour, ofufuza a ku mayunivesite ena atapeza kuti ziwerengero zake sizinali zoona. Koma m'chaka chomwecho akatswiri a zandale oposa 1,000 anasainira kalata yopempha kuti malamulo atsopano okakamiza kuika umboni poyera ayambe aimitsidwa, powopa kuti angaike pachiswe anthu amene anayankhula mwachinsinsi. Nkhawa imeneyi ndi yolemera kwambiri m'dziko laling'ono ngati lathu, momwe kungotchula udindo wa munthu ndi boma limene akugwirako ntchito kumakwanira kuti adziwike, ngakhale dzina lake litachotsedwa. Wophunzira wathu amvetsere phunziroli mwachidwi, koma lonjezo limene anapereka kwa mfumu, kwa mlembi wa khonsolo kapena kwa mkulu wa chipani liyenera kukhala patsogolo pa zofuna za magazini iliyonse.

Zofooka za sukuluyi zambiri zimachokera pa kufupika kwa nthawi. Masabata awiri sakwanira kuti munthu adziwe njira ina iliyonse mpaka kuigwiritsa ntchito payekha, ndipo popeza makalasi amachitika angapo nthawi imodzi, kusankha limodzi ndi kutaya ena amene mwina anali ofunikanso. Zowerenga zimakhala zochuluka kwambiri, kotero kuti amene sanayambe kuwerenga asananyamuke amangotsatira pamwamba. Makalasi ena, monga a kusanthula zolembedwa pa kompyuta, amayenda bwino kwa amene anagwirapo kale pulogalamu ya ziwerengero yotchedwa R, ndipo amene akufuna maziko a ziwerengero ayenera kukawafuna ku ICPSR kapena ku Essex, chifukwa si ntchito imene IQMR inadzipatsa. Palinso ngozi ina yobisika, yakuti wophunzira amene waona njira zambiri m'masiku ochepa amalakalaka kuziphatikiza zonse m'kafukufuku mmodzi, n'kulonjeza ziwerengero, macheza, zikalata ndi kuyesa kwa m'midzi pa ndalama zosakwanira ngakhale chimodzi mwa izo. Kuphatikiza njira kuli ndi phindu pokhapokha njira yachiwiri ikuyankha funso limene yoyamba yalephera kuyankha.

Chopinga chachikulu kwa ife ndi kafikidwe. Malo ambiri amaperekedwa kudzera m'mayunivesite ndi m'nthambi zimene zinalowa umembala ndipo zimalipira, n'kumasankha okha ophunzira oti apite, pomwe malo otsala amapikisaniridwa ndi ofunsira paokha. Izi zikutanthauza kuti Mmalawi amene akuchita PhD ku America kapena ku Ulaya angapeze mwayi mosavuta kuposa mnzake wa ku Zomba. Pamwamba pa izi pali mtengo wa ndege ndi chitupa cha visa, ndipo mu Ogasiti 2025 boma la America linaika Malawi ndi Zambia pa mayiko oyamba amene nzika zake zofuna visa ya alendo zingauzidwe kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Vuto ili si la sukuluyi, koma wofunsira malo ayenera kufufuza malamulo a visa amene alipo pa nthawiyo asanayambe china chilichonse, ndiponso kufunsa okonza maphunzirowa ngati pali thandizo la ndalama la ochokera ku Africa m'chaka chimenecho.

Nthawi yopitira ndi yofunika ngati kupita kwenikweniko. Amene wangoyamba kumene PhD amakhala alibe chikalata chokhwima choti anzake achiunike, ndipo amene wabwerako kale kotola umboni amamva mafunso abwino pa nthawi imene sangathenso kusintha midzi imene anasankha kapena mafunso amene anafunsa. Woyenera kupita ndi amene ali ndi funso ndi dongosolo lolembedwa, koma sanakapereke chikalata chake ku komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku, chifukwa kusintha kakonzedwe pambuyo pa chilolezo kumafuna kubwereranso ku komitiyo. Kwa nthambi za zandale za kuno zimene sizingathe kutumiza ophunzira, gawo lamphamvu kwambiri la sukuluyi ndilo lotsika mtengo kulitengera: ophunzira asanu kapena asanu ndi mmodzi ochokera ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Lusaka, aliyense atatumiziratu masamba ochepa, ndi mphunzitsi amene si wowayang'anira, angathe kukumana pa Zoom kamodzi pa mwezi, ndipo aliyense apatsidwe ola lathunthu loti anzake afunse za kasankhidwe ka malo ake, kayezedwe ka mfundo zake ndi maganizo ena amene angafotokoze zotsatira zomwezo.